Matope a mu giza: komwe amachokera, zomwe amawononga ndi kachotsedwe kake

Anthu ambiri amene ali ndi giza, thanki yotenthetsera madzi osamba, m'nyumba sanaionepo ndi maso. Imakhala m'denga, pamwamba pa siling'i, ndipo imakumbukiridwa tsiku lomwe madzi a kubafa atuluka ozizira, makamaka mu June kapena July chiperoni chikamawomba kuchokera cha ku Thyolo ndi Mulanje. Tsiku limenelo pulambala amakwera m'denga, nkutsika ndi elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'thankimo, yakupsa m'manja, mwininyumba nkutulutsa ndalama yokagulira ina ku Limbe. Pakatha chaka, kapena chisanathe nkomwe, nkhani imakhala yomweyo. Ambiri amangoti maelementi a masiku ano ndi achabechabe. Ena ndi oterodi, koma kawirikawiri vuto limakhala pansi pa thanki, pomwe pamaunjikana matope, mchenga, dzimbiri ndi laimu zaka ndi zaka popanda wozichotsa.

Tiyambe ndi komwe zinthuzi zimachokera, chifukwa kuno ku Blantyre gwero lake nlosiyana ndi la m'mizinda ina. Madzi ambiri amene timamwa mumzinda uno Blantyre Water Board imawatunga mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, nkuwapopa kukwera mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka, kuti afike m'matanki a mumzinda. Ena amachokera ku damu la Mudi, ndipo kuyambira 2019 enanso akuchokera ku Likhubula m'phiri la Mulanje. Nthawi ya dzinja Shire amakhala wofiira ndi dothi lokokoloka m'mapiri omwe mitengo inatha. Madziwo amasefedwa asanatumizidwe, koma ulendo wake ndi wautali, ndipo dothi lambiri limalowa m'njira. Paipi ikaphulika, amisiri akamakonza, matope amalowa. Madzi akasiya kwa tsiku kapena masiku awiri, m'kati mwa mapaipi akale achitsulo mumauma, dzimbiri nkuyamba kukanuka, ndiye madzi akabwera mwamphamvu amakolopa zonsezo nkuzibweretsa kunyumba. Aliyense wa ku Ndirande, Chilomoni kapena Bangwe akudziwa mtundu wa madzi oyamba kutuluka pampopi madzi akangobwera. Pampopi wa panja timawataya mpaka ayere. Giza ilibe wotayira: imameza onse, ndipo poti madzi amakhala bata m'thankimo kwa maola ambiri, dothi limadikha pansi nkukhazikika.

Gwero lachiwiri ndi laimu wosungunuka m'madzi. Ameneyu saoneka madzi akakhala ozizira, koma akatenthedwa amatuluka nkumata pa chitsulo chotentha. Amavuta kwambiri kwa amene amagwiritsa ntchito madzi a pamjigo kapena chitsime chokumba pakhomo, chifukwa madzi a pansi pa nthaka amakhala nthawi yaitali m'miyala. Ngati mukufuna kudziwa za madzi a kwanu, suzumirani m'ketulo ya magetsi. Mukapezamo zoyera zolimba zomata pansi, dziwani kuti elementi ya giza yanu yavala zomwezo, mwinanso zochindikala kuposa pamenepo. Gwero lachitatu ndi giza yeniyeniyo, ikayamba kudyeka m'kati.

Pali chinthu china chimene anthu amakonda kunena, chakuti giza ya matope imadya mayunitsi ochuluka zedi. Ine ndimaona kuti mfundoyi amaikokomeza. Elementi ya giza ya magetsi imakhala m'madzi momwemo, choncho kutentha konse komwe imatulutsa kumathera m'thanki, kaya ndi yoyera kaya ndi yakuda. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya 3 kW imachita zimenezi m'maola awiri ndi mphindi ngati 20. Matope sasintha kwambiri masamu amenewa. Chomwe amawononga ndi chipangizocho. Waya wa m'kati mwa elementi amadalira madzi kuti azimuchotsera kutentha. Laimu akamata, kapena matope akakwera mpaka kuikwirira, kutentha kumasowa kolowera, chitsulo chimatentha mopyola muyeso, chimang'aluka, madzi nkulowa kwa waya. Apa mpamene switchi ya pa bokosi la magetsi imayamba kugwa yokha mukangoyatsa giza.

Pambali pa elementi pali kapaipi kotseka komwe mumalowa thermostat, kachipangizo koyeza kutentha ndi kudula magetsi madzi akafika pomwe munaika. Kapaipi kameneka kakakutidwa ndi laimu, thermostat imachedwa kumva kutentha, ndiye madzi lero atuluka owotcha, mawa ofunda chabe. Matope amatenganso malo a madzi, moti giza yomwe kale inkakwanira anthu anayi imayamba kuthera pa wachitatu. Ndipo pansi pa matopepo chitsulo chimadyeka msanga. Zizindikiro zake nzosabisika kwa munthu wotchera khutu: phokoso la kuthetheka m'denga giza ikamatenthetsa, lomwe limabwera chifukwa nthunzi ikuboola matope, madzi otentha otuluka ofiirira pamene ozizira ali oyera, mpopi wa madzi otentha wotuluka mofooka, timiyala toyera totseka mabowo a shawa, nthawi zina ndi fungo la mazira owola.

Nkhani ya thanzi nayo ilipo, ndipo imakhudza ife amene timazimitsa giza pofuna kupulumutsa mayunitsi. Tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo choopsa munthu akapuma timadontho ta madzi a mu shawa, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo matope a pansi pa thanki ndiwo malo ake obisalamo. Pa madigiri 60 timafa. Kuzimitsa giza masana si kulakwa, koma mukayatsa muziisiya ifike pa 60, osati kuidula madzi akangofunda. Kupyola pa 60 nakonso kulibe phindu: laimu amamata mofulumira, ndipo madzi otero amawotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa.

Tsopano ntchito yeniyeniyo yotsuka giza. Yambani usiku wa dzulo lake. Zimitsani giza, m'mawa anthu asambe mpaka madzi otentha athe, kuti zomwe muzikhetsa zikhale zozizira. Malita 150 a madzi a madigiri 60 si chinthu chosewera nacho muli pamakwerero. Magetsi muzimitse pa bokosi lalikulu, lomwe amisiri amati DB, ndipo ngati pafupi ndi giza pali switchi ina, nayonso muzimitse. Musadalire kuti magetsi athima kale m'dera lonse, chifukwa amabwera osagogoda. Uzani onse a m'nyumba, kapena matani kapepala pa switchiyo, kuti wina asaiyatse inu muli m'denga. Mukakwera, tengani tochi ndipo pondani pa mitanda ya matabwa yokha. Siling'i sinyamula munthu. M'denga la malata mumatentha koopsa dzuwa likakwera, choncho ntchitoyi ndi ya m'mawa.

Mukafika pa giza, tsatirani paipi ya madzi ozizira, yomwe imalowa cham'munsi mwa thanki. Pa paipi imeneyi mupeza valavu yotsekera madzi, ndipo pomwe paipi ikulowera m'thanki pali kampopi kakang'ono ka mkuwa kokhetsera madzi. Tsekani valavu. Tsikani mukatsegule mpopi wa madzi otentha kubafa kapena kukhitchini, muusiye chotsegula. Madzi atuluka pang'ono nkusiya, ndipo mpopi umenewu ndi umene uzilowetsa mpweya kuti thanki ikhuthuke bwino. Lumikizani paipi yothirira maluwa pa kampopi kokhetsera, muimange zolimba, nsonga inayo muitulutse panja pamalo otsika kuposa giza. Madzi amenewa musawataye m'ngalande: mukhoza kuchapira, kukolopera kapena kuthirira dimba. Tsegulani kampopi pang'onopang'ono ndi sipanala.

Pansi pa nsonga ya paipi ikani ndowa yoyera, kuti muone zomwe zikutuluka, chifukwa zimenezo nzomwe zikuuzeni za moyo wa giza yanu. Poyamba pamatuluka madzi ofiira, kenaka oyererako, kenaka cha kumapeto phala la matope. Siyani ndowa idikhe, tsanulani madzi a pamwamba, mugwire zotsalazo ndi zala. Zoterera zofiirira ndi dothi la m'mapaipi. Zokhakhala ngati mchenga, zoyera kapena zachikasu, ndi laimu, ndipo mukazithira viniga zimachita thovu. Koma mukapeza tizibenthu takuda kapena tofiira, tolimba, tomwe timakakamira ku maginito, chimenecho ndi chitsulo. Ngati mapaipi a nyumba yanu ndi akale achitsulo, monga mmene zilili m'nyumba zambiri zakale za ku Sunnyside, Chitawira kapena Kanjedza, mwina tachokera m'mapaipimo. Ngati mapaipi ndi a kopa kapena pulasitiki, ndiye kuti thanki yayamba kudyeka, yambani kusunga ndalama.

Madzi akasiya kutuluka thanki isanathe, kawirikawiri ndi matope atseka kampopi. Tsekani kampopiko, tsegulani valavu ya madzi ozizira kwa masekondi angapo kuti madzi akankhe matopewo, mutsekenso, muyambirenso kukhetsa.

Apa pali mfundo yomwe ambiri amaiphonya. Malangizo ofala amati thanki ikatha, tsegulani madzi ozizira kampopi kokhetsera kali chotsegula, kuti madzi atsopano avundule matope nkutuluka nawo. Zimenezi zimatheka pa giza yoimirira yomwe khomo lolowera madzi ndi lotulukira zili pawokhapawokha. Koma magiza ambiri amene tili nawo kuno ndi ogona, ochokera ku South Africa, monga a Kwikot, ndipo pa amenewa kampopi kokhetsera kamakhala pa khomo lomwelo lolowera madzi ozizira. Mukatsegula zonse ziwiri nthawi imodzi, madzi amangodutsa kuchoka m'paipi kupita panja osalowa m'thanki. Inu muona madzi oyera mbee mu ndowa nkuganiza kuti ntchito yatha, chonsecho matope ali phee m'kati. Njira yake ndi iyi: tsekani kampopi, lowetsani madzi mwamphamvu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti avundule pansi, tsekani valavu, khetsaninso. Bwerezani mpaka madzi omaliza kutuluka akhale oyera. Nchifukwa chake musayambe ntchitoyi tsiku lomwe madzi akutuluka mofooka kapena akhoza kusiya nthawi iliyonse.

Ngakhale mutabwereza kangati, kukhetsa kumachotsa dothi lofewa lokha. Laimu wouma ndi matope ogwirana a zaka zambiri satuluka pa kabowo kakang'ono. Amenewo amafuna kumasula chitsulo chozungulira chomwe chimagwira elementi ndi thermostat, nkulowetsa dzanja kapena chopalira m'thanki. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri, chifukwa pali mawaya a magetsi a 230 V pafupi ndi madzi, komanso labala yotsekera pamenepo ikamasulidwa imafuna yatsopano. Koma ndikupemphani kuti mmisiri akabwera kudzasintha elementi, musamulole kungochotsa yakale nkulowetsa yatsopano. Thanki ili kale yopanda madzi, khomo lili kale lotsegula, ndiye nthawi yabwino yopala matope ndi yomweyo. Mufunseni mwaulemu: "Achimwene, musanatseke, tandionetsani zomwe zili pansipo." Mmisiri wabwino sakhumudwa ndi funso limeneli, ndipo ena amatsika ndi ndowa yodzadza theka. Elementi yatsopano yolowetsedwa m'matope akale imapsa ngati inzake.

Pa ulendo womwewo aonenso anode. Magiza ambiri a masiku ano ndi achitsulo chopakidwa galasi lopyapyala m'kati. Galasilo limakhala ndi timing'alu tosaoneka, ndiye opanga amaikamo anode, ndodo ya magnesium kapena aluminium yomwe ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa thanki. Ndodoyo ikadalipo, dzimbiri limaukira iyo. Ikatha nkutsala kawaya kokha, dzimbiri limatembenukira ku thanki, ndipo thanki ikabooka palibe kukonza, nkugula ina basi. Anode ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi giza yatsopano, komabe m'nyumba zambiri sinasinthidwepo chiikireni. Iyenera kuonedwa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Magiza akale a kopa alibe ndodo imeneyi chifukwa safuna.

Kudzadzanso madzi ndi pomwe maelementi ambiri amafera, choncho apa musafulumire. Tsekani kampopi kokhetsera, chotsani paipi. Mpopi wa madzi otentha wa m'nyumba ukhalebe chotsegula. Tsegulani valavu ya madzi ozizira. Mumva mpweya ukutuluka pampopi uja, kenaka madzi ayamba kulavula, fwa, fwa, osakanizika ndi mpweya. Imeneyo si nthawi yoyatsa. Dikirani mpaka madzi azituluka mosadukiza kwa mphindi yathunthu, ndiye mutseke. Kwerani mukapapase ndi dzanja louma pa kampopi ndi polumikizira ponse ngati pali chinyezi. Mukakhutira, yatsani magetsi. Elementi yoyatsidwa popanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa kwambiri, nthawi zina musanatsike nkomwe pamakwerero. Pomaliza masulani tisefa ta kukamwa kwa mipopi ndi mutu wa shawa, mutsuke, chifukwa matope ena ovundulidwa amathawira kumeneko.

Lamulo lomweli likugwira ntchito tsiku lililonse madzi akasiya. Pa giza yoikidwa bwino pamakhala tivalavu tiwiri toimirira pamwamba pa mapaipi, tolowetsa mpweya kuti madzi a m'thanki asakokedwe kubwerera m'paipi. Pomwe tivalavuti palibe, kapena tinafa, giza imatha kukhuthuka yokha madzi akasiya, elementi nkutsala pamtunda magetsi ali oyaka. Chizolowezi chabwino nchoti madzi akangosiya, zimitsani giza. Ngati valavu yake ili pofikirika, itsekeninso. Madzi akabwera, tsegulani kaye mpopi wa panja mpaka ayere, kenaka mulowetse mu giza, muonetsetse kuti mpopi wa madzi otentha ukutuluka mosadukiza, ndiye muyatse. Chizolowezi chimenechi chokha chimachepetsa matope olowa kuposa kutsuka kulikonse. Amene angakwanitse aike sefa pa paipi yolowa m'nyumba, ndipo amene ali ndi thanki ya pulasitiki panja kapena thanki ya m'denga yodyetsa giza, akumbukire kuti nayonso imasunga dothi pansi. Kutsuka giza nkusiya thanki yoidyetsa ili ndi matope ndi kutaya nthawi.

Muli m'dengamo, yang'anani mavalavu awiri omwe ntchito yawo ndi kuteteza moyo. Madzi akatenthedwa amafufuma: malita 150 ochoka pa madigiri 20 kufika pa 60 amawonjezereka ndi malita awiri ndi pang'ono. Madzi owonjezerawo amatuluka kudzera pa valavu yochepetsa mphamvu ya madzi, nkudontha pa kapaipi ka panja pa khoma. Kudontha pang'ono giza ikamatenthetsa ndi umboni woti zinthu zili bwino. Kukakhala kuchucha usana ndi usiku, ndiye kuti kamchenga kalowa m'valavu kapena labala yatha, ndipo mukulipira madzi otayika. Valavu yachiwiri imakhala pamwamba pa thanki, ndipo imatseguka yokha madzi akayandikira kuwira kapena mphamvu ikapyola muyeso wolembedwa pa giza, monga 400 kapena 600 kPa. Mukaona madzi otentha ndi nthunzi zikutuluka pa paipi yake, zimitsani magetsi nthawi yomweyo, thermostat yafa. Chomwe simuyenera kulola, ngakhale wina atanena kuti nkwakanthawi chabe, ndi kutseka valavu imeneyi ndi pulagi chifukwa ikudontha. Madzi otsekeredwa amatha kutentha kupyola madigiri 100 osawira, ndipo thanki ikang'ambika ena mwa madziwo amasanduka nthunzi nthawi imodzi, yomwe imafuna malo ochuluka kuwirikiza pafupifupi 1,600. Giza yotero imasasula denga ndi kugwetsa khoma.

Onaninso kuti pansi pa giza pali thireyi yolandira madzi, yokhala ndi paipi yotulukira panja, ndipo paipiyo sinatsekeke ndi zisa za mavu kapena zinyalala za makoswe.

Pa giza yakale kwambiri, yomwe yatha zaka 10 kapena kuposerapo osatsukidwa, pali chenjezo. Kampopi kokhetsera kamatha kuuma ndi laimu, ndipo mukakakamiza ndi sipanala kamathyoka, madzi onse nkukhuthukira pa siling'i. Kakakana, kasiyeni, itanani mmisiri abwere ndi katsopano. Komanso nthawi zina matope ndi amene amakhala atatseka timabowo ta dzimbiri, moti mukatsuka, giza imayamba kudontha. Ena amatenga ichi ngati chifukwa chosatsukira. Ine sindigwirizana nazo. Thanki yotero inabooka kale, ndipo kuli bwino kuizindikira masana inu muli pomwepo ndi ndowa, kusiyana ndi kuti idzakhuthule malita 150 pa bedi la ana pakati pa usiku.

Magiza a dzuwa omwe achuluka pa madenga a ku Chigumula, Namiwawa ndi Machinjiri nawonso sapulumuka. Mwa amene ali ndi machubu a galasi, dothi limatsikira kunsi kwa chubu chilichonse, komwe kukhetsa sikufika. Kuchotsa machubu nkuwatsuka kumafuna munthu wozolowera, ndipo madzi ozizira asalowetsedwe m'machubu opanda madzi dzuwa lili pamutu, chifukwa galasi lotentha limasweka. Adzadzidwe m'mamawa kapena madzulo.

Funso loti giza itsukidwe kangati lilibe yankho limodzi, koma kwa nyumba ya madzi a m'mipopi kamodzi pachaka nkokwanira, ndipo nthawi yabwino ndi April kapena May: mvula yatha, matope a dzinja alowa kale, ndipo miyezi yozizira yomwe giza imagwira ntchito kwambiri ili pafupi. Chaka cha mvula yoononga, ngati ya namondwe Freddy mu March 2023 yomwe inaswa mapaipi m'madera ambiri a mzinda uno, musadikire kalendala. Kwa amene ali pamjigo, kawiri pachaka. Ndowa yoyera ija ndiyo ikuuzeni zoona: mukapeza zodzadza dzanja limodzi, mukhoza kutalikitsa, mukapeza theka la ndowa, fupikitsani.

Ambiri mumzinda muno timakhala nyumba za lendi, ndipo giza ndi ya eninyumba pamene osamba ndi alendi. Mlendi amati si yanga, mwininyumba amati sindikhalamo, ndipo mkangano umabuka elementi ikapsa. Ndi bwino kukambirana polowa m'nyumba: "Bambo, giza iyi inatsukidwa liti, nanga anode inasinthidwapo?" Mugwirizane kuti wolipira mmisiri pachaka ndi ndani, ndipo zilembedwe m'pangano la nyumba. Mmisiri akamaliza, alembe tsiku ndi zomwe wachita pa thanki penipenipo ndi cholembera chosafufutika, kuti wodzakwera m'dengamo chaka chamawa, kaya ndi iye kaya ndi wina, adzadziwe poyambira.